Sopo wa Kafukufuku

Anandilanda malo anga ku dipatimenti ya saikoloje, ndipo anachita zimenezi atadya nkhuku za amayi anga.

Saikoloje ndi maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu. Kwathu ku Mlonyeni ankangoti ndapita kukaphunzira kuwerenga mitima. Ine chimene ndinkafuna chinali galimoto yoyera. Zaka zimenezo, matipate atakhazikika, mabungwe oyendera galimoto zoyera anali mbwee, ndipo lililonse linkafuna alangizi oyendera odwala ndi ana amasiye. Aliyense pa yunivesite ankadziwa zimenezi. Chaka choyamba tinkadzaza holo, ena mpaka kukhala m'mawindo. Chaka chachiwiri dipatimenti inkangotenga anthu okwana m'minibasi imodzi.

Wina angaganize kuti malo olimbirana chonchi anali apamwamba. Mabuku ake anali achikulire kuposa aphunzitsi. Kunali chipinda chokhala ndi galasi loonera anthu iwo osakuona, ndipo ankasungiramo mipando yothyoka. Tinaphunzira za makoswe akunja othamanga m'tinjira ta matabwa, pomwe makoswe athu ankadya mabukuwo popanda wowafunsa maganizo.

Chaka choyambacho phunziro limodzi lokha ndi limene linandigwetsa: masamu a kafukufuku. Ndinayenera kulembanso mayeso ake tchuthi chikatha. Kulephera kachiwiri kunali kulongedza. Ndinakonza zowerenga tchuthi chonse. Ndiye mkulu wa dipatimenti, amene tinkawatchula kuti adokotala ngakhale sankabaya jakisoni, anandiitana.

"Ndamva ndiwe wa ku Mchinji. Tili ndi kafukufuku kumeneko. Tikufuna wodziwa njira ndi anthu."

"Adokotala, ndili ndi mayeso obwereza."

"Mayeso? Iwe, wothandiza dipatimenti saiwalika. Usadandaule."

Kafukufukuyo anali wofuna kudziwa chifukwa chimene achinyamata akumudzi amasiyira sukulu panjira.

Tchuthi chonse ndinachithera kumbuyo kwa galimoto yawo, ndikuloza njira. Kwathu mlendo wa mapepala sauzidwa zoona. Akafunsa za ziweto, mbuzi zonse zimakhala kuti zinafa, poopa kuti mwina akulemba olandira thandizo. Ine ndinkayamba kulowa, kupereka moni, kutchula kuti ndine mwana wa uje, anthu n'kumasuka. Aliyense woyankha mafunso ankalandira sopo mmodzi. Tinazungulira Mlonyeni, tinafika ku Dambe, tinakathera ku Kachebere kufupi ndi malire. Buku langa la masamu linayenda nafe mtunda wonsewo osatsegulidwa.

Tsiku lomaliza amayi anapha nkhuku ziwiri, imodzi yoikira. Anagwada patali n'kunena kuti, "Abwana, mwanayu ndi wanu."

"Mayi, uyu ndi wathu kale," anatero adokotala, akutafuna chiwindi.

Mayeso ndinalephera pang'ono. Ndinakagogoda ku ofesi kwawo. Anandiyang'ana ngati munthu amene anamuonapo pamaliro ena ake.

"Malamulo ndi malamulo, mphwanga. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Tikayamba kukondera, dipatimenti itaya ulemu."

Kenako anandilangiza kuti ndivomereze zimene zachitika, chifukwa kukana ndi gawo loyamba la chisoni. Uphungu umenewo anandipatsa ulere.

Ndinabwerera kumudzi. Anthu sanaseke pamaso panga. Ankangondifunsa mwaulemu ngati ndinali nditamaliza kuwerenga mitima yonse. Ndinabwereka njinga ya amalume n'kuyamba kabaza pa boma, kunyamula amayi a geni ndi katundu wawo kupita kumalire. Galimoto zoyera ndimaziona ndithu. Zimandithira fumbi.

Patapita zaka ziwiri kafukufuku uja anabweranso, gawo lachiwiri. Adokotala sanabwere. Anatuma ophunzira awo, ndipo amene anatsika pakhomo pathu anali mesho wanga, mnyamata wa ku Lilongwe amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, yemwe ankakopera manotsi anga. Iye malo anawapeza. Anali atanenepa m'khosi.

"Aise! Uli kuno?"

"Umafuna ndikhale kuti?"

Anaseka, n'kutulutsa mapepala. Akuti ulendo uno ankafuna kucheza ndi osiya sukulu enieniwo, ndipo anthu onse m'mudzi anamulozera kwa ine. Mafunsowo ndinawazindikira. Ndine ndinawamasulira m'Chichewa ulendo woyamba uja.

"Usakwiye, aise, ndi ntchito chabe. Chinakusiyitsani sukulu n'chiyani? Umphawi, banja, matenda, kapena kusowa chidwi?"

"Lemba kuti adokotala."

"Palibe bokosi limenelo."

"Lemba kuti kafukufuku."

"Aaa, iwenso! Ndingochonga kusowa chidwi. Ndi limene ambiri akusankha."

Anachonga. Amayi, amene sanamve bwino zimene zinkachitika, anayamba kuyang'ana nkhuku pabwalo. Ndinawauza kuti akhale pansi.

Pomaliza mesho anapita ku galimoto, anasuzumira m'katoni, n'kubwera akukanda m'mutu. Sopo anali atathera kwa aneba. Anati adzanditumizira.

Ndikumva kuti lipoti lawo linatuluka, ndipo dipatimentiyo ndi yovuta kulowa kuposa kale. Wachinyamata akandifunsa ngati ndi yabwino, ndimamuuza kuti ndi yabwino kwambiri: imadziwa kupanga yokha anthu oti iwafufuze. Ine ndikudikirabe zanga: zaka zitatu za sukulu zotsala, nkhuku ziwiri, ndi sopo mmodzi.