Mandimu m'dengu la amayi

Ndikukumbukira mtengo wa mandimu umene unali kuseri kwa nyumba yathu pa esiteti, nthawi ya thangata. Amayi ankafinya makoko ake, timafuta n'kumatuluka ngati mame. Ankatidzoza timafutato kuti udzudzu utileke, ndipo wina akadwala chimfine ankamununkhizitsa, mphuno n'kutseguka pompo.

Ine mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, wodziyesa wanzeru, ndinaona kuti dengu lawo lotcholera tiyi likununkha nkhungu chifukwa cha mvula. Mmawa wina ndinalitikita mkati monse ndi makoko, osauza munthu. Makoko otsala ndinamanga pansalu.

Masana ndinawapititsira chinangwa chophika kumunda. Ndinawapeza ali pamzere wa kusikelo ndi dengu lodzaza, nkhope ili gwa.

"Iwe, dengu ili walitani?"

Ndinayankha monyadira. Mayo ine! Sanandimenye, anangogwira kukamwa. Tiyi amakoka fungo lililonse, n'chifukwa chake otchola sankaloledwa kudzola kanthu, ngakhale kusamba m'manja ndi sopo wonunkhira. Akapitawo ankanunkhiza dengu lililonse lisanakwere pasikelo. Wowononga masamba ankachotsedwa, ndipo nyumba ndi kamunda kathu zinali pamalo a mzungu. Abambo anali kutali ku Halale. Tikanalowera kuti?

Mzere unkayenda. Kwa ine fungolo linkamveka mpaka ku Khonjeni. Mayi wina amene anali kutsogolo kwathu anatembenuka, nanunkhiza m'mwamba, n'kuyang'ana kumbali.

Akapitawo anali bambo wamtali, wa mphuno imene anthu ankaiopa kuposa ndodo yake. Anapisa dzanja m'dengu, natapa masamba, n'kuwafikitsa kumaso. Kenako anayetsemula kawiri, misozi ili mbwee.

"Chimfine ichi chindipha. Sindikumva kanthu chiyambire Lolemba. Kwezani, mayi."

Apa ndiye ndinaonetsa nzeru zanga zonse. Ndinayamba kumasula pansalu paja. "Akapitawo, mankhwala ake ndili nawo, amatsegula mphu..."

Amayi ananditsina pantchafu, chitsino chimene ndimachimvabe mpaka lero nyengo ikazizira. "Mwanayu ngwolongolola, bambo, musamumvere."

Masamba athu anathiridwa pamulu wa anthu onse, nasowera momwemo. Pobwerera amayi anatsogola mpaka pamtsinje. Pamenepo anatula dengu, nakhala pamwala, n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. Ine ndinalira, kenako ndinaseka nawo. Dengulo tinalikwecha ndi mchenga mpaka manja kuwawa.

Chaka chatha mdzukulu wanga anandibweretsera tiyi wa m'kabokosi kuchokera ku Blantyre. Akuti amathiramo dala mafuta a chipatso china cha mtundu wa mandimu, ndipo amamwa ndi anthu olemera. Nditatsegula, ntchafu inandilasa.

"Agogo, simunaukonde?"

"Thira, mwanawe," ndinatero. "Tiyi ameneyu ndinayamba kupanga ndine."