Chijeremani Chonong'ona

Mwana wanga wamkazi ali ndi ngongole kwa bambo ake, ndipo mpaka lero imandiwawa. Si ya ndalama ayi. Ikanakhala ya ndalama ndikanaitolera kalekale, ine wangongole sindimusekerera. Iyi ndi ya mawu. Inu amene mukufuna nkhani yokulimbitsani mtima, imvani, koma sindikunyengererani.

Mtsikanayu analephera mayeso omaliza a sekondale. Anzake akupita ku koleji, iye ankapinda malaya pa benchi langa la kaunjika, maso ali pansi ngati wataya singano. Kunyumba bambo ake anali chigonere, mbali imodzi ya thupi itafa. Chipinda chinali chimodzi, katani pakati.

Tsiku lina kasitomala wanga wina, namwino, anamuuza kuti kunja kwa dziko lino kuli maphunziro osamalira okalamba, koma khomo lake ndi mayeso a Chijeremani. Sukulu ya chinenerocho sitikanaikwanitsa. Namwinoyo anamuonetsa mavidiyo aulere a pafoni. Mumaoneka mayi wamagalasi ataima pa bolodi, amanena mawu, kenako amakhala chete kuti wophunzira abwereze mokweza.

Apa ndiye panali vuto. Mayi uja akakhala chete, mwana wanga nayenso chete, milomo yokha kugwedera ngati mbuzi yobzikula. Ankaopa kusekedwa. Makoma a nyumba za lendi mukuwadziwa, wa khomo linalo akayetsemula iwe umati pepani. Mkazi wa landilodi anali atamutcha kale Mzungu wa Kaunjika.

Kulemba ankalemba, kuloweza ankaloweza. Anandiuza kuti m'chinenerocho mpando ndi wamwamuna, chitseko ndi chachikazi. Ndinati ngati mpando ndi mwamuna, uzitilipirira lendi. Anandiuzanso kuti eni chinenerocho amadana ndi kuchedwa, ndipo akamakana amangoti ayi osazungulira. Ndinati amenewo ndi abale anga.

Bambo ake ankamusuzumira pa mpata wa katani. Lilime lawo linali litalemera, koma pempho ili lokha ankalitulutsa bwinobwino.

"Mayi wanga, tandilankhulako chizungu chakocho, ndimve."

"Mawa, ababa. Ndikachidziwa bwino."

Mawa lake silinafike.

Mayeso anabwera. Kulemba anakhoza, kumvetsera anakhoza. Atafika pa kulankhula, woyesa anangomufunsa dzina ndi ntchito yomwe amagwira. Mawu onse anali m'mutu, pakamwa panakana. Anazolika n'kumanong'ona monga mwana wolemekeza akulu, woyesayo osamva kanthu. Analephera. Pasanapite nthawi, bambo ake anatisiya.

Maliro atatha, foni ija anaibisa pansi pa sutikesi. Ndinamusiya alire, koma misozi sigula sopo. Ine sukulu ndinailekera pachiyambi penipeni, kulemba dzina langa ndimachita kutuluka thukuta. Koma ndikudziwa kuti palibe anaphunzira kutsatsa malonda ali duu.

M'mawa wina ndinaitulutsa foniyo n'kuiika pamwamba pa mulu wa masiketi. Ndinamuuza kuti kuyambira tsiku limenelo iye ndi wogula, ine wogulitsa. Ine nditchula mtengo m'chinenero chathu, iye anenerere m'Chijeremani, mokweza, akundiyang'ana m'maso. Zomwe ankanena sindinkamva ngakhale limodzi, koma mantha ndimawamva m'chinenero chilichonse. Akanong'ona, ndinkakweza mtengo. Akayang'ana pansi, ndinkamulanda siketiyo n'kuyambanso.

Msika wonse unaseka. Wogulitsa nsapato wa benchi loyandikana nafe ankamuyeseza ngati munthu wotsamwa ndi fupa. Mwanayo ankalira kuseri kwa mabelo a kaunjika, n'kupukuta maso, n'kubwerera. Masana kukakhala kulibe makasitomala ankayatsa vidiyo, ndipo mayi wamagalasi uja akakhala chete, tsopano pankamveka yankho. Poyamba lonjenjemera, kenako lomveka mpaka kwa osoka zigamba. Anthu anatopa nako kuseka. Wansapato yemweyo anayamba kufunsa kuti moni amati chiyani.

Ulendo wachiwiri anakhoza zonse. Malo a maphunziro aja anamupatsa.

Tsiku lolongedza katundu ndinamugwira dzanja n'kumuimika pafupi ndi bedi la bambo ake, lomwe tsopano timaikapo mabelo.

"Bweza ngongole ija. Lankhula, mwina amva kumene aliko."

Anandiyang'ana m'maso monga ndinamuphunzitsira, osaphethira.

"Ayi, amayi. Samva. Nthawi imene ankamva ndinawamana."

Ine amene sindinagonjepo pa mtengo, tsiku limenelo ndinagonja. Anatseka sutikesi yake.

Lero ali kutali. Amasambitsa ndi kudyetsa bambo a anthu ena, n'kumacheza nawo tsiku lonse m'chinenero chimene bambo ake anapempha kangapo konse osachimva. Akuti okalambawo amamukonda chifukwa akamupempha kanthu sanena kuti mawa.

Ndiye inu amene mwalephera, amene mukuphunzira pa kafoni kong'aluka mutabisala m'bulangete, osataya mtima. Khomo limatseguka ndithu, ndaliona ndi maso angawa. Koma musadikire kuti mudziwe bwino kaye. Tsegulani pakamwa lero, mulakwitse, akusekeni. Ndipo ngati m'nyumbamo muli munthu wokupemphani kuti amveko, mulankhulireni makutu ake akadali otseguka.