Timatabwa Tisanu ta Gombe la Lupande

Amene amanena kuti chifaniziro cha sukulu yathu ndinachipanga pofuna kusangalatsa alendo a ku boma amalakwitsa, ndipo ambiri a iwo anali asanabadwe. Ndinachipanga kuti sukuluyo isamangidwe pamene inamangidwapo.

Ufulu utangobwera, anthu a kwathu anaumba njerwa ndi manja awo, ndipo komiti inasankha malo pafupi ndi mtsinje wa Lupande. Madzi omangira anali pafupi, komanso kumtunda, m'nkhalango ya tsanya, kunkadutsa njovu. Ine ndinali mphunzitsi wamng'ono, wongochoka kumene ku sekondale. Madzinja awiri ndinali nditayeza gombelo ndi chingwe kuchokera pamtengo wa mkuyu, ndipo ndinapeza kuti dzinja lililonse mtsinje umagumula mayadi khumi. Kuchokera pagombe kufika pamaziko panali mayadi makumi asanu.

Nditachenjeza komiti, mawu okha sanamveke, choncho ndinapempha mabokosi a tiyi kusitolo, ndinabwereka kasowo kwa kalipentala, n'kuyamba kudula pulayiwudi. Inchi imodzi inkaimira mayadi asanu. Ndinasema sukulu ndi mazenera ake, mkuyu ndinauika pamalo pake, mtsinje ndinaupaka bulu wochapira. Gombe ndinalidula timatabwa tisanu tosakhomera, kalikonse kuimira dzinja limodzi.

Pamsonkhano ndinkachotsa kamodzikamodzi. "Ili ndi dzinja loyamba. Ili lachiwiri." Nditachotsa kachisanu, madzi anali pakhoma. Koma maso onse anali pakasukuluko.

"Aphunzitsi, timazenerati timatseguka?" anafunsa mayi amene ankatsogolera oumba njerwa. Anthu anaseka.

"Mwana wathu, sekondale yakuphunzitsani kusema zidole," anatero apampando a komiti. "Mtsinjewu tinayamba kumwa inu musanabadwe. Mukufuna ana athu akaponderezedwe ndi njovu?"

M'mawa mwake ndinapeza aphunzitsi aakulu ali ndi hamala m'manja. "Timatabwa tanu timagwedera," anatero mokondwa. "Ndakukhomererani kuti tisatayike."

Sukulu itatha kumangidwa, chifanizirocho anachiika muofesi. Alendo onse ankachionetsedwa, n'kumayamikira luso langa, osadziwa chimene chinakhomeredwapo. Bodza lija linayambira pamenepo. Ndinapitiriza kuyeza chaka ndi chaka mpaka mkuyu womwewo unagwera m'madzi. Makalata ochenjeza amene ndinalembera boma sanayankhidwe.

Ndivomere kuti ndinaphonya ndi chaka chimodzi, pakuti pakatipo panagwa chilala. Zinachitika dzinja lachisanu ndi chimodzi, Lamlungu m'mawa, ana kulibe. Tinaima pamvula tikuona khoma la ofesi likung'ambika, kenako lonse linatsetserekera mumtsinje pamodzi ndi denga. Mayi uja anagwada m'matope, akutchula maina a anzake amene anaumba nawo, ena atamwalira kale. Apampando anaima pambali panga osandiyang'ana.

Chifaniziro chija ndinachiona chikuyandama chamunsi, timatabwa tonse tisanu tili tokhomereka bwinobwino.