Chitsime Chimene a Bwezani Daka Anakumba mu Epulo

Kwa zaka zoposa makumi atatu, munthu wa ku Kanakantapa akafuna chitsime pakhomo pake, ankapita kwa a Bwezani Daka. Anthu amakonda kukokomeza. Ena amati a Daka anakumba zitsime zana, ena amati ankamva fungo la madzi akadali pansi pa nthaka. Zonsezi si zoona. Zitsime zawo, mukaziwerenga khomo ndi khomo mpaka kumidzi ya kwa Nkomeshya, zilipo makumi anayi ndi chimodzi, ndipo madzi ankawalondola poona pamene pamera mikuyu ndi pamene udzu umachedwa kuuma.

Anabadwira ku Petauke m'chaka cha 1961. Sukulu anailekeza giredi faifi, anakanyamulako matumba mu Lusaka, kenaka anafika ku Kanakantapa pamodzi ndi akazi awo a Olipa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene achinyamata osowa ntchito m'tauni ankapatsidwa minda kumeneko. Ntchito yokumba anaiphunzira kwa malume awo, ndipo pamodzi ndi piki ndi tchizulo analandiranso lamulo limodzi: chitsime chimakumbidwa mu Okutobala, dzuwa litapsereza zonse, madzi atathawira pansi penipeni. Madzi amene wawapeza nthawi imeneyo ndi eni nthaka. Amene wawapeza mvula itangoleka ndi alendo, tsiku lina adzatsanzika. Chifukwa cha lamuloli, anthu a m'derali anali ndi mawu akuti chitsime cha Daka sichiuma.

Lamulolo analiswapo kamodzi kokha, ndipo anachita zimenezi chifukwa cha a Chisanga.

A Chisanga anali mphunzitsi wa jogalafe wochokera ku Kasama, amene anapeza munda moyandikana ndi a Daka. Pakati pa Mbemba ngati iwo ndi munthu wa kum'mawa ngati a Daka pamakhala chimbuya, ubale wa nthabwala, choncho kuyambira tsiku loyamba ankatukwanizana mwaufulu, wina kunena mnzake wodya mbewa, winayo kubweza kuti wodya anyani. Mu Epulo wa 1999 akazi a mphunzitsiyo, a Virginia, anali ndi pakati potopa, ndipo madzi ankakatunga kumtsinje, mtunda wa ola lathunthu kupita ndi kubwera. A Chisanga anachonderera. A Daka anakana kawiri. Kachitatu anakumana ndi mayiyo panjira atasenza ndowa, akupumira pamtengo, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi piki.

Madzi anawapeza pa mikwamba isanu ndi umodzi, akulowa mwamphamvu moti kupitirira pansi sikunatheke. Anapangana kuti adzawonjezera mu Okutobala. Okutobala atafika, chitsime chinali chikadali ndi madzi, a Chisanga anati palibe chifukwa chovutikira, ndipo a Daka, amene anali ndi ntchito ina, sanakakamire. Zaka makumi awiri ndi zisanu zinadutsa chomwecho. Oyandikana nawo anaiwala mwezi umene chitsimecho chinakumbidwa, koma a Daka sanaiwale.

Mvula ya 2024 inadula mu Januwale, ndipo Febuluwale asanathe chimanga chinali chitapsa chili chiimire. Banja la a Chisanga, amene tsopano anali atapuma pantchito, linatsamira pa dimba la a Virginia: repu, matimati ndi anyezi, zimene ankakweza pa minibasi kupita nazo kumsika wa ku Chongwe. M'sabata yomaliza ya Seputembala, ndowa inatuluka m'chitsime muli matope okhaokha. Popanda madzi, dimbalo likanakhala ndi moyo masiku khumi, mwina khumi ndi awiri ngati mnansi wina wokhala ndi ngolo akanapitiriza kuwabweretsera dramu limodzi patsiku.

A Daka anali atasiya kukumba zaka zitatu zapitazo chifukwa cha chifuwa. A Olipa atawaona akunola tchizulo, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Atate ake Ednah, muyenda kuti na vimenevo?"

"Kwa ba Ticha."

"Kuchipatala anakamba chani? Mufuna nikakuchotseni mu mugodi na chingwe monga mbuzi?"

"Chija chitsime sinachisilize, amake Ednah. Nichanga."

A Olipa anangowaikira botolo la chakumwa cha munkoyo m'thumba la zida, nkhope ili gwa.

Pamwamba pa chitsime anaikapo mtengo wopingasa wokhala ndi chogwirira, wopukusira chingwe. Opukusa anali a Chisanga ndi a Virginia, ndipo sipanatenge nthawi kuti zioneke kuti mphamvu zambiri zinkachokera kwa mayiyo. Asanalowe, a Daka anatsitsa kandulo yoyaka m'ndowa. Itafika pansi osazima, anadziwa kuti mpweya uli bwino, natsika.

Mkangano unayamba tsiku lomwelo. A Chisanga, amene sankatha kukhala chete pamene pali womvetsera amene sangathawe, anaweramira m'dzenjemo.

"Mbuya, uziba chamene chaumika ichi chitsime? Dziko yonse ipya. Kumathero kwa dziko, kumpoto na kumwera, kuli ayezi yaikulu kuchila Zambia, ndipo isungunuka."

"Munaiona?" anafunsa a Daka ali pansi, mawu awo akumveka ngati a m'mbiya.

"Ba sayansi banaipima. Bali na vithunzi vochokera kumwamba."

"Nafunsa ngati imwe munaiona. Ayezi ikasungunuka imakhala manzi, si so? Nanga manzi yachuluka, chitsime chanu chauma bwanji? Bauzeni batumizeko kuno."

"Yayenda mu nyanja, iwe wodya mbeba! Ife yatisiyira chabe kupya na mvula yosokonezeka."

"Donsani ndowa, imwe wodya anyani. Jogalafe siikumba."

Maganizo a a Daka anali akuti madzi athawa chifukwa cha zinthu zimene iwo anaziona ndi maso: mitengo imene inathera m'mauvuni a makala, ndi mijigo yakuya imene anthu a ku Lusaka ogula mafamu anaboola mbali zonse. A Chisanga sankakana zimenezo, koma ankati ndi nthambi chabe, tsinde lake ndi utsi wa mafakitale a maiko akutali. Kunena mwachilungamo, palibe mwa awiriwo amene akanatha kutsimikiza kuti pa chitsime chimenechi gawo la makala ndi liti, la mijigo ndi liti, la kutentha kwa dziko ndi liti. Mphunzitsiyo anali ndi mabuku ndi ziwerengero za anthu amene anapimadi. Wokumbayo anali ndi chingwe chake cha mfundo, chimene chinkamuuza kuti m'zitsime zimene anakumba chaposachedwa ankatsika mikwamba iwiri kapena itatu kuposa kale. Aliyense ankakhulupirira chida chimene ankachidziwa.

Tsiku lachitatu a Chisanga analonjeza kuti abweretsa ayezi kuchokera kugolosale kuti aonetse mnzawoyo m'mbale momwe zimachitikira. Anabwerako chimanjamanja, popeza magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake ndipo mafiriji onse anali atafunda.

"Yasungunuka na ya mu Kanakantapa?" anatero a Daka. "Awe, ba Ticha, manje nayamba kumvera."

"Seka chabe. Malaiti kulibe chifukwa damu ya Kariba ilibe manzi. Ni nkhani imozi na imozi."

"Imwe bonse babili," anadula a Virginia, "repu yanga siimwa nkhani."

Tsiku lachinayi piki inalira mosiyana. Anali atafika pa mwala wotuwa, wolimba, woyala pansi ponse. Tchizulo inkangothetheka moto. A Daka anatuluka, anakhala pansi pa mtengo wa mango akutsokomola kwa nthawi, kenaka anapempha nkhuni zouma za musamba ndi zitsononkho za chimanga. Anazitsitsa m'ndowa, anaziyala pamwalapo, anayatsa, natuluka msangamsanga utsi usanawapeze. Moto unayaka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Pamenepo anapempha dramu la madzi limene ngolo inali itangobweretsa.

A Virginia anawayang'ana. Madzi amenewo anali a dimba a tsiku limenelo, ndipo masamba a repu anali atagona kale.

"Yonse, ba Daka?"

"Yonse, amayi, pa nthawi imozi. Mukathira pang'ono pang'ono mwala uzaseka chabe."

Mayiyo anagwira dramu mbali imodzi, amuna awo mbali ina, nalipendeketsa. Pansi panamveka kuphulika ngati mfuti mwala ukung'aluka, nthunzi inakwera yoyera. Anachita zimenezi masiku awiri, ndipo masiku awiri amenewo dimba silinamwe kanthu. Mizere itatu ya matimati inafa. M'mawa uliwonse a Daka ankamangirira nthambi ya masamba kuchingwe, kuikweza ndi kuitsitsa kuti mpweya woipa utuluke, ndipo sankatsika mpaka kandulo itavomera. Tsiku lina inazima katatu, iwo anadikira mpaka masana, ngakhale a Chisanga ankangoyendayenda ndi kuyang'ana kudimba.

Mwalawo unali wokhuthala ngati mkono umodzi. Pansi pake panali mchenga wofiirira, ndipo tsiku lachisanu ndi chitatu, pa mkwamba wachisanu ndi chitatu, mchengawo unatuluka wonyowa. Pofika masana madzi anali m'akakolo. A Virginia anaimba nyimbo ya kutchalitchi akuthamangira kudimba ndi ndowa yoyamba, yamatope momwemo.

A Chisanga manja awo anali atatuluka matuza, ena ataphulika. Anaweramira m'chitsime, ndipo ulendo uno sanatchule mbewa.

"Mbuya, zikomo. Manzi yapezeka. Choka manje, chifuba chako nachimvera kuno kumwamba. Mvula ili pafupi, tizawonjezera chaka cha mawa."

A Daka anali ataima m'madzi ozizira, msana ukuwawa, mpweya ukuvuta. Kutuluka ankakufuna kuposa momwe mnzawoyo ankaganizira. Koma madziwo ankalowa pang'onopang'ono, ndipo iwo ankadziwa kuti madzi amene munthu mmodzi angawaphwetse ndi ndowa sanafike pokhulupirika. Ankadziwanso kuti chaka cha mawa chimenecho iwo sadzatsikanso m'dzenje lililonse.

"Ba Ticha," anatero, "masiku eyiti mwanilalikira kuti dziko ipya, na kuti kutsogolo kuzapya kuchilapo. Munali kunama?"

"Sininame. Ni zoona."

"Ine sinivomera. Nikamba kuti ni makala na maboholo. Koma ine wamene sinivomera ndine nifuna kuyenda pansi, imwe bovomera mufuna kulekera pa kakolo. Ngati ayezi yanu ni ya zoona, donsani ndowa."

A Chisanga anayang'ana manja awo. A Virginia, amene anali atabwerako kudimba, anamasula chitenje chakale, anaching'amba pakati, nakulunga manja a amuna awo popanda kuwafunsa.

"Mwamvera, ba shi Luyando," anatero a Virginia, kuwaitana ndi dzina la mwana wawo. "Gwirani uko."

Anakumba masiku ena anayi. Ntchito yake inali yowawa kuposa ya pamwala, chifukwa m'mawa uliwonse ankayamba aphwetsa madzi amene alowa, ndipo dothi lonyowa limalemera kawiri. Madzi ophwetsedwawo ankapita kudimba, moti repu inadzuka. A Olipa anabwera tsiku lachiwiri la masiku amenewo, sanapereke moni kwa amuna awo, anangokankha a Chisanga pambali ndi kugwira chopukusira. Pa mkwamba wakhumi, madzi anayamba kubwera kuchokera m'mbali, pansi pa mwala, mwamphamvu moti amayi awiriwo ndi mphunzitsi anaphwetsa ola lathunthu koma madzi anakwerabe kuchoka m'mawondo kufika m'chiuno. Pamenepo a Daka anagwedeza chingwe kuti awakweze.

Anatuluka akunjenjemera, milomo itatuwa, ndipo anagona milungu itatu. A Chisanga anawaperekeza kuchipatala ku Chongwe kawiri, nakhala nawo pamzere, akuwawerengera nkhani za madzi oundana pa foni, wodwalayo akutsutsa chiganizo chilichonse pakati pa kutsokomola. A Daka anachira, ngakhale mpaka lero sangayende mtunda wautali osapuma.

Mvula ya chaka chimenecho inachedwa kukhazikika, ndipo Disembala anatentha koopsa. Zitsime zingapo za m'deralo zinauma, koma cha kwa a Chisanga chinamwetsa dimba ndi mabanja ena asanu ndi awiri, amene ankafika ndi zigubu m'mawa uliwonse. A Virginia anakhazikitsa lamulo lawolawo: dengu loyamba la chilichonse chimene chacha m'dimbamo limapita kwa a Olipa lisanapite kumsika. A Daka anayesa kukana ulendo woyamba, koma mayiyo analisiya pakhonde nachoka osatembenuka.

Piki ndi tchizulo a Daka anapatsa a Ezron, mkamwini wawo, amene tsopano ndiye amakumba. Madzulo ambiri dzuwa lisanalowe, a Daka amayenda pang'onopang'ono kupita kwa mnansi wawo, nakhala pa benchi pafupi ndi chitsime. A Chisanga amatulutsa foni, iwo amapukusa mutu asanamve n'komwe, ndipo amayi obwera kudzatunga amawapatsa moni onse awiri mogwada asanatsitse ndowa.