Tsitsi la Goloboyi Wathu

Chikwama cha achemwali anga chinkanunkha. Ndiyambe ndi chilungamo chimenechi, chifukwa mpaka lero ndikamva fungo la thukuta lokhalitsa m'nsalu yonyowa, losakanikirana ndi mafuta a tsitsi, ndimapezeka ndili m'galaja ya nyumba yathu yakale ku Morley, kuno kutsidya kwa nyanja, ndili ndi zaka khumi, mvula ikugunda pamalata. Chinali chikwama chakuda, chachikulu choti ine n'kulowamo munthu n'kutseka zipi. Munkakhala zida za hoke ya pa ayezi: zotchinga miyendo zokhuthala, magolovesi, chisoti cholimba chokhala ndi waya kumaso, ndi nsapato zokhala ndi mpeni kunsi. Amayi analamula kuti chikwamacho chisadutse pakhomo la kukhitchini, ndipo lamuloli silinaswedwepo.

Achemwali a Tadala ankandiposa ndi zaka khumi. Ankaphunzira za miyala kuyunivesite ku Crawley, kutsata mapazi a abambo, amene ankakhala milungu iwiri kumgodi kumpoto ndi mlungu umodzi kunyumba. Tili ku Lilongwe achemwali ankasewera mpira wamanja. Tsiku lina atsikana a timu ya hoke ya payunivesitepo anawaona akuwakha mpira pakapinga, n'kuyamba kuwanyengerera kuti akhale wapagolo. Achemwali anawauza kuti ayezi amene amamudziwa ndi wa mufiriji basi. Atsikanawo anati palibe kanthu, wapagolo sapita kutali. Abambo atamva anagwira m'mutu. "Mwana wanga wamkazi, goloboyi! Kumudzi ndikafotokoza bwanji?" Koma chithunzi cha goloboyi yemweyo ndi chimene ankatopetsa nacho anzawo kumgodi.

Mbiri ya timuyo ndinaiphunzira pakhoma. M'kanjira kolowera kubwalo la ayezi munali zithunzi zoikidwa pamzere, ndipo amene ankandiyendetsa pamzerewo anali mayi Jan, mzungu wa imvi amene anali m'gulu loyambitsa timuyo ali wophunzira. Sankajomba masewero, ndipo ankabwera ndi belu la ng'ombe losokosa koopsa. Pachithunzi choyamba panali atsikana asanu ndi atatu atavala majezi obwereka kwa anyamata, ofika m'mawondo. Eni bwalo ankawapatsa ayezi Lamlungu m'mamawa, nthawi imene wina aliyense sankaifuna. Anatha zaka akungogonja, ndipo tsiku limene anapambana koyamba anavina ngati ukwati. Kenako timu inakhwima, atsikana ena n'kuyamba kusankhidwa kukaimira chigawo chonse. Kawiri konse anafika mufainolo, kawiri konse anabwerako akulira. Kumapeto kwa mzere kunali msomali wopanda chithunzi. Mayi Jan ankaugogoda ndi chala n'kundiuza kuti ukudikira chikho.

Panali vuto limodzi limene atsikana enawo analibe. Amene anapanga chisoti chija sankaganiza za tsitsi lathu. Likakhala lomasula, chisoti chinkangokhala pamwamba ngati mphika wovundikira pa chulu. Choncho m'mawa wa tsiku lililonse la masewero amayi ankakhala pasofa, achemwali pansi pakati pa mawondo awo, ine pambali nditagwira botolo la mafuta. Amayi ankagawa tsitsi ndi nsonga ya chipeso n'kuluka mizere isanu ndi itatu yogona, yochoka pamphumi kupita kunkhongo, yowongoka ngati ya m'munda wa mlimi wakhama. Theka la ola, ntchito yatha. Nthawi yonseyo pakamwa sipankapuma. "Anzako akuvala madiresi, iwe ukuvala matiresi. Ukadzatha mano usadzandilirire." Akamaliza ankamenya kambama kachikondi pankhongo, achemwali n'kunyamuka.

Amayi anali namwino pachipatala chachikulu ku Nedlands, ndipo zaka ziwiri zoyamba masewero ankawapeza ali kuntchito. Zimenezo ndinkazimvetsa. Koma chisanu cha chaka chachitatu anayamba kupezeka pakhomo Loweruka ndi Lamlungu, ndipo kubwalo sankapitabe.

Chisanu cha kuno chimabwera ndi mvula, osati ngati cha kwathu. Nyumba yathu ya njerwa inkazizira m'kati kuposa panja. M'mawa mawindo ankachita thukuta, msewu ukununkha masamba onyowa a bulugama, akhwangwala akulira modandaula pamawaya a magetsi. M'nyengo imeneyo amayi anayamba makhalidwe achilendo. Potsegula firiji ankavala magolovesi, kapena ankangondituma. "Chisomo, tanditulutsira mkaka." Madzi akumwa ankayamba awatenthetsa. Makiyi ankawapulumuka m'manja pakhomo, ndipo mabatani a juzi ankalimbana nawo mpaka kuusa moyo. Lachinayi lina lililonse ankakwera basi yopita ku Nedlands osavala yunifomu, n'kubwerako ndi kachikwama kakang'ono m'chiuno, kenako n'kugona masiku awiri. Nditafunsa anati ndi za kuntchito. Azimayi a kutchalitchi ankabwera ndi mapoto a ndiwo, n'kumalankhula motsitsa mawu, ine ndikalowa onse duu. Ndinaganiza kuti kukubwera mwana, mpaka ndinasankhiratu dzina.

Kubwalo ndinkapita ndi achemwali, n'kukhala pabenchi pafupi ndi mayi Jan. Timu inkapambana mlungu ndi mlungu, ndipo anthu ankati goloboyi wa chaka chino ndi khoma. Koma ine maso anga ankakhala pa amayi a atsikana ena. Ankabwera ndi mabulangete ndi mafulasiki a tiyi, ankakuwa mayina a ana awo mpaka mawu kusasa. Masewero akatha aliyense ankakumbatira wake, zida zonunkha zili m'thupi. Achemwali ankatuluka okha, akukoka chikwama chawo. Ankandifunsa azimayiwo kuti amayi ako ali kuti, ine n'kumanama kuti ali kuntchito. Bodza limenelo pang'onopang'ono linasanduka mkwiyo.

Unaphulika Lachisanu lina, timu itangolowa mufainolo kachitatu. Ndinali nditabwera kusukulu, amayi atakhala kukhitchini atafumbata kapu ya madzi ofunda, achemwali akutsuka mbale. Ndinafunsa ngati Lamlungu apita. Anati aona mmene kuchere. Pamenepo ndinasiya Chichewa n'kulowa Chingerezi, monga tinkachitira ana a kuno tikafuna kuchita mwano popanda kumva kulemera kwake. Ndinawauza kuti amayi a anthu onse amabwera, ngakhale agogo oyenda ndi ndodo. Ndinati iwo amangodziwa kugona ndi kunyoza. Ndinati iwo sakonda achemwali, amachita nawo manyazi.

Achemwali anatembenuka manja ali thovu. "Iwe Chisomo, pakamwa pakopo! Ukudziwa chiyani iwe?"

"Musiye," anatero amayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, maso ali ofiira ndi kutopa. "Ndamva, mwana wanga. Ndamva."

Ndinatuluka m'khitchinimo ndikudzimva ngati ndawina mlandu.

Lamlungu m'mawa ndinagwira botolo la mafuta monga mwa masiku onse, koma kuluka kwa tsiku limenelo kunanditopetsa. Chipeso chinagwa pansi katatu. Amayi ankaluka pang'ono, tsitsi n'kuwapulumuka, n'kuyambiranso. Ankaweramira pafupi kwambiri ndi mutu wa achemwali ngati akufunafuna nsabwe, ndipo za matiresi sanazitchule. Ine ndinasiya botolo, ndinakadya buledi, ndinaonera makatuni, pobwerera ndinapeza akadali pa mzere wachinayi. Anathera pa isanu, yonenepa mosiyana, wina wokhotera kukhutu. Ndinaseka, ndinati goloboyi lero waoneka ngati nkhuku yonyowa. Palibe anaseka nane. Achemwali anavala chisoti kuti ayese, chinalowa, n'kukhalabe pansi pomwepo atatsamira pabondo la amayi.

Masana abambo anatulutsa galimoto, ndipo amayi anatuluka m'nyumba atavala majuzi awiri, jekete la abambo la kumgodi la mtundu wa lalanje, chitenje pamwamba pa thalauzi, magolovesi awiri dzanja lililonse, ndi sikafu yotseka pakamwa ndi mphuno. Kunkangooneka maso. Ndinachita manyazi pang'ono, koma kunyada kunaposa. Ndinawagwira mkono n'kuwadutsitsa pakhoma la zithunzi, kuwaonetsa msomali uja, kuwaonetsa kwa mayi Jan ndi kwa azimayi onse amene ankandifunsa aja. Titatsegula chitseko cha m'kati, mpweya wozizira unatiwomba kumaso, amayi n'kuima chilili. Abambo anawanong'oneza kanthu. Iwo anapukusa mutu n'kupitirira.

Za masewerowo ndimakumbukira phokoso kwambiri: mipeni ikukala ayezi, ndodo zikugundana, kaphale kakuda kamene amaseweretsa m'malo mwa mpira kakumenya matabwa a m'mbali ngati mfuti, belu la mayi Jan lili ngwengwengwe m'khutu langa. Timu yathu inagoletsa chigoli chimodzi koyambirira, kenako ntchito yonse inatsalira achemwali. Ankagwa, kudzuka, kugwanso. Itatsala pang'ono nthawi, mtsikana wina wamtali wa timu inayo anazemba onse n'kutsala yekha ndi goloboyi. Bwalo lonse linaimirira. Achemwali anadziponya chamimba, kaphale kanalowa pansi pawo, osatulukanso. Wezulo italira, atsikana anataya ndodo ndi magolovesi m'mwamba n'kuunjikana pa achemwali. Mayi Jan ankalira ngati mwana.

Ndinatembenuka kuti ndione amayi. Anali atakhala pomwe paja, manja ali pansi pa bulangete. Anthu onse akuomba m'manja, iwo ayi.

"Amami, ombani m'manja! Tawina!"

Anatsitsa sikafu kuti aimbe nthungululu. Inayamba bwino, yokwera, azungu n'kutembenuka, kenako inaduka pakati. Anagwira pakhosi, akukoka mpweya movutika, ndipo abambo anawanyamula ngati mtolo kupita nawo kugalimoto. Chikho chinaperekedwa iwo palibe. Chithunzi chinajambulidwa iwo palibe. Pobwerera kunyumba ndinakhala kumbuyo nditatupa, nkhope ili kuwindo. Amayi anatambasula dzanja kuti andigwire bondo, ine ndinalisuntha bondolo. Pa zonse zimene ndinachita chaka chimenecho, chimenechi ndi chimene chimandiwawa kwambiri.

Anagona mlungu wathunthu. Achemwali anakhala ndi mizere yokhota ija mpaka inanyankhalala, akukana kuti wina aimasule. Anandiuza zoona mu Novembala, majakaranda atachita maluwa m'misewu. Abambo anandikhazika pakhonde n'kutchula dzina la matendawo, khansa ya m'matumbo, n'kunena kuti mankhwala alephera. Kwathu mwana sauzidwa matenda a kholo lake, anatero, tinkafuna kuti uphunzire ndi mtima umodzi. Amayi anatisiya mu Febuluwale, kunja kukutentha kwambiri, iwo atafunda mabulangete awiri.

Zina zonse ndinazimva nditakula, tsiku lina achemwali akundiluka tsitsi ine. Anandifotokozera kuti mankhwala a mudiripi amene amayi ankakalandira Lachinayi lija ankawononga mitsempha, moti chinthu chozizira chikawakhudza amayi ankamva ngati agwira magalasi osweka, ndipo mpweya wozizira unkawatseka pakhosi. Madokotala anali atawaletsa ngakhale kuima pafupi ndi mafiriji a m'sitolo. Pofika tsiku la fainolo nsonga za zala zawo zinali zitafa dzanzi, tsitsi sankalimva n'komwe, ankaluka ndi maso okha. Achemwali anawapempha m'mawa umenewo kuti awalole akalukitse kwa mayi wina wa ku Chipata amene ankaluka anthu pafupi ndi siteji ya mabasi. Amayi anakana. "Mng'ono wako akuti sindikukonda. Khala pansi."

Timu ija ilipobe. Yatenganso zikho zina, ili ndi gulu la atsikana ang'onoang'ono, ndipo achemwali ndi amene amaphunzitsa apagolo. Ana athu akuda alipo angapo tsopano, ndipo Loweruka m'mawa umawaona akubwera mitu italukidwa mizere yogona. Pamsomali uja pali chithunzi. Alendo akaima pamenepo amaloza chikho, mayi Jan ali pambali ndi belu lawo. Ine ndimayang'ana mtsikana wogwada kutsogolo, chisoti chili m'manja, mutu uli ndi mizere isanu, wina wokhotera kukhutu.

Ndili mwana ndinasunga mumtima kuti amayi anakhala masana onse aja osaomba m'manja ngakhale kamodzi. Lero ndimadziwa kuti zimene manja amenewo anatsala nazo anali atazithera pamutu pa achemwali m'mawa, ine ndikuonera makatuni.