Chingwe cha Pakhomo pa Sitolo ya Nsapato

Tsiku langa loyamba pa ntchito ndinanama kuti ndinakulira ku Ndirande. Ndinkafuna kuti alonda anzanga andione ngati munthu wa mu ghetto. Tsoka ilo, oyang'anira gulu lathu, a Mbewe, anabadwira komweko. "Zoona? Minibasi munkatsikira pati?" Ndinayang'ana nsapato zanga. Ine ndine mwana wa aphunzitsi a ku Mponela, ndipo nkhondo yokhayo imene ndinamenyapo inali yolimbirana buku ku laibulale.

Ntchitoyo anandipezera msuweni wanga, ya ulonda pa sitolo ya nsapato za achinyamata ku Downtown, pakati pa mzinda waukulu wa kunja kumene amalankhula Chiarabu. Zida zake zinali wailesi ya m'manja, chingwe chotchinga khomo, ndi timalamba ta pamkono tokhala ndi manambala. Kukabwera nsapato zatsopano, timalambato tinkagawa m'mawa motsatira mzere, kulowetsa anthu khumikhumi, aliyense peyala imodzi.

Ndinali nditawerenga zambiri za hip hop, ndiye ndinkadziyesa katswiri wa chimene amati street cred. Mabuku ankati ndi ulemu umene anthu akuda a m'makwalala ovuta a ku America amapatsa munthu amene zimene amaimbazo anadutsamodi. Ine ndinkaganiza kuti nkhani ndi kayendedwe kotsimphina pang'ono ndi nkhope yolusa.

M'mwezi wanga wachitatu, ndisanalembedwe ntchito yokhazikika, kunabwera nsapato zimene aliyense ankazifuna. Timalamba tinatha. Kotsiriza kanapita kwa mkulu wina wa ku Ghana wonyamula katundu ku doko la Jebel Ali, yemwe anaima kuyambira m'mamawa. Cha m'ma 11 koloko kunatulukira woimba wina, matcheni m'khosi, mnzake akujambula pa foni.

"Habibi," anatero woimbayo, kunditcha bwenzi m'Chiarabu, "tsegula. Ine ndi iwe khungu limodzi. Sundidziwa?"

Kunena zoona nyimbo zake ndinkazidziwa, zonena za njala ndi misewu. Ndinkadziwanso kuti dandaulo limodzi la kasitomala wotchuka likanatha kundikweza ndege yobwerera kumudzi. Koma akanalowa, mkulu wa ku Ghana uja akanabwerera chimanjamanja.

"Ndikukudziwani, bwana. Kalamba muli nako?"

Mnzake uja anandiyandikizira foni kumaso, woimbayo n'kunditcha kapolo wa sitolo. Ndinaitana a Mbewe pa wailesi. Anangoti, "Lamulo mukulidziwa. Khalas, nkhani yatha." Dzanja langa linakhalabe pa ngowe ya chingwe.

Amene anamaliza mlanduwo ndi anthu a pamzere. Wina anafuula kuti, "Munthu wa mumsewu amadumpha anzake?" Mzere wonse unaseka, wina n'kuyamba kuimba nyimbo ya woimbayo monyodola. Woimbayo anauza mnzake kuti, "Yalla, tiye," n'kuchoka. Pamenepo ndinamvetsa zimene ndinaziphonya m'mabuku muja: ulemu umenewu eni ake ndi anthu amene akukuona, ndipo amatha kukulanda pompo, matcheni ali m'khosi.

Dandaulo linafikadi, koma a Mbewe analemba lipoti londiikira kumbuyo ndipo ntchito inakhazikika. Patapita masiku, ndikuyanika yunifolomu kunyumba za kampani kumene tinkagona, kudera lotchedwa DIP, a Zulu a ku Chipata, a chipinda choyandikana nacho, anandionetsa vidiyo ija pa foni.

"Amwene, munali kuoneka monga mbuzi ya pamvula. Koma anyamata a ku Jebel Ali akuti mukabwera pa mzere wa basi yawo, mukwere oyamba. Manje mukana bwanji, imwe a malamulo?"