Burashi ya Nsapato za Agogo

Ndikakumbukira Agogo aamuna, ndimamva fungo la polishi wakuda losakanikirana ndi utsi wa mbaula imene akazi awo, Ambuya, ankakupiza pakhonde pathu ku Kabwata, uku kumsewu makondakitala akulimbirana anthu opita ku City Market. Agogo anali mphunzitsi wa Chingerezi wopuma ntchito, ndipo ngakhale analibe kopita, m'mawa uliwonse ankapukuta nsapato ngati akuyembekezera woyendera masukulu. Ambuya ankati anakwatiwa pamitala: mkazi wamkulu ndakatulo za azungu akale, wachiwiri nsapato, iwo wachitatu.

Ndakatulozo Agogo ankazinena pamtima, burashi ili m'manja. Dzanja linkapita mopepuka, n'kubwerera mwamphamvu, mopepuka, mwamphamvu, mawu n'kumatsatira burashiyo. Ine Chingerezi chakalecho chinkangondidutsa, ndipo sindinkabisa.

"Iwe Misozi, osayambila ku matanthauzo," ankatero. "Mvela mayendedwe. Munthu umamudziwila ku mapazi akalibe kulowa m'nyumba."

Anandiuza kuti mizere iwiri ikathera pa mawu omveka mofanana, khutu limakondwa ngati m'bale wabwerako ku ulendo. Wolemba akabwerezabwereza mawu amodzi, sikuti mawu amuthera ayi, koma pali chinthu chakana kuchoka pamtima pake. Ndakatulo imene ankaikonda kwambiri inali ya mwamuna woitana mkazi wake womwalira. Inkayenda bwinobwino, koma pakati pa mzere wina burashi inkaima m'mwamba, pakhonde n'kuti zii.

"Wamvela? Apa wapunthwa dala," ankanong'ona. "Apa ndiye pamene pamubaba."

Ndili giredi seveni, Agogo anadwala sitiroko. Anabwerako kuchipatala dzanja lamanja litafa, pakamwa popotoka, popanda mawu, ndipo dokotala anatiuza kuti mwina sadzayankhulanso. Ambuya, amene zaka zonsezo ankadandaula phokoso, batalo linawadwalitsa. Ankakhala pambali pawo akuwapukuta kukamwa, n'kumawanyengerera.

"APhiri, niitaneni chabe dzina. Olo munikalipile, nizamvela."

Milomo ya Agogo inkagwedera, koma chotuluka inali misozi yokha. Nsapato zija zinatuwa pansi pa bedi.

Loweruka lina fumbi lake linandipweteka mtima. Ndinazitulutsa, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wa Agogo pakhonde, ndipo dzanja langa linayenda mmene linazolowera kuonera: mopepuka, mwamphamvu. Ndinamva kung'ung'udza pamwamba pa mutu wanga. Kenaka mzere wathunthu wa Chingerezi unatuluka pakamwa popotoka paja, womveka ngati kale. Ndi mantha ndinaleka kupukuta, mawunso n'kuduka pomwepo.

"Osaleka, mwana iwe!" anakuwa Ambuya ali pakhomo, beseni la kapenta litawapulumuka. "Pitiliza!"

Ndinapitiriza. Inali ndakatulo ija ya mwamuna woitana mkazi wake. Agogo anayenda nayo mzere ndi mzere, thukuta lili kamukamu, ine ndikuwatsogolera ndi burashi. Titafika pamene wolemba anapunthwa dala, ndinakweza burashi m'mwamba monga ankachitira iwo. Munali m'kachetechete ameneyo mmene Agogo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, nayang'ana pakhomo.

"Nambewe," anatero.

Ambuya anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anati, "Onani munthu uyu. Wayambila kwa mkazi mukulu, ine waniika pothela." Tinaseka tonse atatu tikulira, kapenta ali mbwee pansi.

Kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku sikunabwererenso. Madzi ankapempha ndi maso mpaka pamene anatisiya, mvula yotsatira itayamba. Koma miyezi yonseyo, m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ndinkapukuta nsapato zimene sizinkapondanso kunja kwa geti, ndipo Ambuya akamva burashi ankasiya mbaula, kaya tiyi akusefukira, n'kudzaima pakhomo kudikira malo a dzina lawo m'ndakatulomo.

Lero ndimakhala ku Chelstone, ndipo burashi ija ndinasunga, ubweya wake unatha m'mbali. Ndakatulo ija ndinadzaimvetsa ndili wamkulu, liwu lililonse. Koma mpaka pano sindinathe kuiwerenga mpaka kumapeto. Ndikafika pamene wolemba anapunthwa, ndimaima, ndipo dzina limene ndimamva si la mkazi wa mzunguyo.